Woumba Mbiya Alibe Dzina: Amayi m'Mbiri ya Sayansi ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Maboma a Sinda ndi Vubwi ndi aposachedwa. Onse awiri anakhazikitsidwa m'chaka cha 2012, Sinda atapatulidwa ku Katete ndi Petauke, ndipo Vubwi atapatulidwa ku Chadiza. Koma dziko limene mabomawa akhalapo, lomwe ndi la Kalonga Gawa Undi ndi mafumu ake monga Kawaza, Kathumba, Mbang'ombe ndi Pembamoyo, kuphatikizapo Ansenga a kwa Nyanje, lakhala likuyenderedwa ndi akatswiri a kafukufuku kwa nthawi yaitali. Kunafika ofukula za m'mabwinja, kunafika ofufuza za chikhalidwe, kunafikanso oyesa nthaka ndi mbewu. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti gawo lalikulu la umboni umene akatswiriwa anagwiritsa ntchito linachokera m'manja mwa amayi, ndi kuti kachitidwe ka sayansi potchula zinthu mayina, pamodzi ndi chiyankhulo chimene sayansiyo inalembedwamo, zinachititsa kuti amayiwo asaoneke m'mabuku.

Tiyenera kumvana kaye pa liwu lakuti sayansi. Sitikunena kuti chilichonse chimene agogo athu ankachita chinali sayansi. Kutero kungakhale kudzinyengerera. Tikunena za ntchito zimene zimafuna kuyang'anitsitsa, kuyesa, kuyerekeza zotsatira, ndi kuphunzitsa wina mwa njira yakuti iyenso akachita chimodzimodzi apeze zofanana. Ntchito zoterezi zinalipo, ndipo zambiri zinali za akazi.

Mapale a ku Makwe

Kumwera kwa Katete, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, kuli phanga lotchedwa Makwe. David Phillipson anakumba m'phangali m'zaka za m'ma 1960, ndipo zimene anapeza kumeneko ndi ku Thandwe, kufupi ndi Chipata, anazilemba m'buku lake la 1976 lotchedwa The Prehistory of Eastern Zambia. M'nthaka ya pansi anapezamo timiyala tosema tosonyeza kuti anthu anayamba kukhala pamalopa zaka zoposa 5,000 zapitazo. M'nthaka ya chapamwamba anapezamo mapale, ndipo mapalewa ndiwo amene akutikhudza.

Kwa wofukula za m'mabwinja, phale lili ngati kalata. Dothi lootcha siliola, ndipo woumba aliyense amatsata kaumbidwe ndi kakongoletsedwe kamene anaphunzira kwa amene anamuphunzitsa. Motero poyerekeza milomo ya miphika, makosi ake ndi zodindadinda za pamapewa ake, katswiri amatha kunena kuti anthu a malo awa ndi a malo awo anali pa ubale, ndiponso kuti anakhalako liti. Phillipson anaona kuti cha m'ma 1000 kapena 1100 kaumbidwe ka mbiya kanasintha mwadzidzidzi m'dera lalikulu la kummawa, kumpoto ndi pakati pa Zambia. Kunabwera miphika ya makosi yokongoletsedwa ndi mizere yopendekeka yodinda ndi kachipeso. Kaumbidwe katsopanoka anakatcha Luangwa, ndipo anasonyeza kuti sikanathe ayi: Achewa, Ansenga, Abisa, Alala ndi Abemba anali akuumbabe motero pa nthawi imene iye ankafufuza. Anaonanso kuti konse kumene kaumbidweka kankapezeka, oumba ake anali akazi, pamene kumadzulo kwa Zambia, kumene kuli kaumbidwe kena kamene anakatcha Lungwebungu, oumba anali amuna. Kuchokera apa anapereka ganizo lakuti mwina mbiya zakale, za anthu oyamba kusula chitsulo, zinkaumbidwa ndi amuna, ndi kuti kusintha kuja kukusonyeza nthawi imene luso linalowa m'manja mwa akazi. Ganizoli akatswiri ena analitsutsa, koma mfundo yoyamba ija siinagwedezeke: ndandanda ya zaka pafupifupi 900 za mbiri ya dera lino inamangidwa pa ntchito ya amayi, yopatsirana kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana kapena mdzukulu wake.

Tsono taonani mayina. Kaumbidwe ka amayiwa kanatenga dzina la mtsinje. Zida za miyala zinatenga dzina la phanga la Makwe. Mbiya zakale zija Phillipson anadzaziika m'gulu limene analitcha Chifumbaze, dzina la malo a m'chigawo cha Tete kumene Carl Wiese anakumba m'chaka cha 1907, Wiese yemweyo amene mapangano ake a malo anabala kampani ya North Charterland imene inalanda nthaka ya chigawo cha Kummawa. Nkoona kuti ofukula za m'mabwinja amatchula zinthu potsata malo kulikonse padziko, ndipo palibe amene angadziwe dzina la woumba wa zaka 900 zapitazo. Komabe oumba amoyo analipo. Iwo ndiwo anathandiza kuti mapale akale amveke tanthauzo, popeza katswiri ankayerekeza zofukulidwa ndi mbiya zimene ankaziona m'midzi. Wowerenga wamba amatuluka m'mabukuwa akudziwa dzina la mtsinje, la phanga ndi la Mzungu wokumba.

Nzeru za woumba mbiya siziyenera kuchepetsedwa. Iye amadziwa mtapo wa dothi labwino ndi wa dothi losweka, ndipo kawirikawiri amalizindikira polifinya m'manja. Amadziwa kuti dothi lonona kwambiri limang'aluka pouma, kotero amalisakaniza ndi lina lamchenga. Amakulungiza mphika ndi kamwala kosalala kuti usamachuche. Amauumitsa pamthunzi kwa masiku ambiri, chifukwa mphika woikidwa pamoto usanaumitsitse umaphulika pamene madzi otsalira m'dothi asanduka nthunzi. Moto wa pabwalo wootchera mbiya umafika madigiri apakati pa 600 ndi 900, ndipo iye amaulamulira popanda choyezera, poyang'ana mtundu wa nkhuni, mphepo ya tsikulo ndi kufiira kwa mbiyazo. Amasiyanitsanso zolinga: mtsuko wa madzi akumwa umafunika kuti uzituluka thukuta pang'ono kuti madzi azizizira, pamene nkhali ya nsima imafunika kupirira moto wa tsiku ndi tsiku. Mwana wa sukulu amadzaphunzira za kuzizira kobwera ndi kuuma kwa madzi ku sekondale, m'Chingerezi, osauzidwa kuti mtsuko wa kuseri kwa chitseko kwawo ukuchita zomwezo.

Golide wa m'dziko la Undi

Umboni wachiwiri ndi waufupi koma wowawa. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1700, Apwitikizi ndi amalonda ochokera ku Goa anatsegula migodi ya golide kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi, m'malo monga Mano ndi Missale, kutsidya kwa malire a lero a Chadiza ndi Vubwi. Harry Langworthy anafotokoza za migodiyi m'kafukufuku wake wa 1969 wa mbiri ya ufumu wa Undi. António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa m'chaka cha 1831 pa ulendo wochoka ku Tete kupita kwa Kazembe, anaona kuti okumba ndi otsuka golide anali akazi. Ambiri mwa iwo anali akapolo, ndipo ankagwira ntchito m'timagulu totsogozedwa ndi mkazi wotchedwa nyakoda.

Kutsuka golide kumadalira kulemera: golide amalemera kuposa madzi ka 19, pamene mchenga sufika ndi katatu komwe. Wotsuka amazunguliza mbale m'madzi mpaka zopepuka zitatayika, zolemera nkutsalira pansi. Dzanja lozolowera lichero, limene tsiku ndi tsiku limalekanitsa gaga ndi mphale, silivutika kuphunzira zimenezi. Kudziwa mtsinje umene uli ndi golide, ndi mwala umene uyenera kuswedwa, ndi nzeru za miyala ndithu. Zolembedwa za Apwitikizi zinasunga mayina a eni migodi ndi kuchuluka kwa golide amene anafika ku Tete. Pamene anthu anayambanso kukumba golide ku Vubwi m'zaka za m'ma 2010, nkhaniyo inkakambidwa ngati chinthu chachilendo, chonsecho dera lomwelo linali ndi akazi odziwa ntchitoyi zaka 250 m'mbuyomo.

Zojambula zoyera ndi chinsinsi cha tsimba

M'mapanga ambiri a chigawo cha Kummawa, a ku Dedza ndi a ku Tete muli zithunzi zojambulidwa ndi chala choviika m'dothi loyera. Zina zimaoneka ngati zilombo za nyau. Zina zimaoneka ngati chikopa cha nyama chotambasulidwa, chokhala ndi miyendo inayi yotansa, mchira, ndipo nthawi zina madontho akuda. Phillipson anali atamva kale kuti zina mwa zithunzi zoyera zimakhudzana ndi chinamwali, koma kwa zaka zambiri chidwi chachikulu chinali pa nyau, monga mutu wa kabuku ka Lindgren ndi Schoffeleers ka 1978, Rock Art and Nyau Symbolism in Malawi, ukusonyezera. Benjamin Smith, m'zaka za m'ma 1990, anasiyanitsa magulu awiriwa momveka, nanena kuti zithunzi zotambasuka zija ndi za akazi. Kenji Yoshida, amene anakhala pakati pa Achewa a ku Zambia m'zaka za m'ma 1980, anali atafotokoza za vilengo, zinthu zoumba ndi dothi zimene amayi amaphunzitsira anamwali, ndi za chingondo chimene namwali amavala kumutu.

Amene anafika pamtima pa nkhaniyi ndi Leslie Zubieta, m'buku lake la 2006 lonena za phanga la Mwana wa Chentcherere ku Dedza, ndi m'kafukufuku wake wotsatira ku yunivesite ya Witwatersrand. Iye anasonyeza kuti zithunzizi zinali zida zophunzitsira, zothandiza namwali kukumbukira miyambo imene namkungwi ankamulangiza, monga momwe vilengo zimachitira. Chimene chinamutsegulira khomo nchakuti anali mkazi, ndipo amayi anatha kukambirana naye zimene sakanakambirana ndi mwamuna. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malo a Chongoni, okhala ndi mapanga 127, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chakuti zithunzi zambiri za kumeneko zimakhudzana ndi mwambo wa akazi, chinthu chosowa m'maiko ena.

Apa pali chopinga cha mtundu wina, chimene amayi eni ake anachimanga. Za kutsimba siziululidwa kwa mwamuna kapena kwa mwana wosavinidwa, ndipo ife sitikuona kuti namkungwi analakwa pokhala chete pamaso pa mlendo wonyamula kope. Cholakwika chinali kwa wofunsa, amene anatenga kukhala chete ngati umboni wakuti palibe chodziwika. Nchifukwa chake kusowa kwa akazi pakati pa ofufuza sikunangolanda akaziwo mwayi wa ntchito. Kunalandanso sayansi mayankho amene mwamuna sakanawapeza, ngakhale atakhala m'mudzi zaka zingati.

Mtondo ngati choyesera mbewu

M'nthawi ya atsamunda amuna ambiri a ku Katete ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg ndi Copperbelt, kuti apeze ndalama za msonkho. Max Marwick, amene anafufuza m'dera la Kawaza m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza midzi ya chikamwini m'mene mbumba ndiyo inali mizu ya mudzi, mwamuna nkukhala wobwera. Munda, nkhokwe ndi mbewu yosungira chaka chamawa zinali m'manja mwa akazi. Ngakhale zinali choncho, ndondomeko ya boma ya alimi achitsanzo imene inayamba m'chaka cha 1948 inkapereka ng'ombe, makasu a ng'ombe ndi malangizo kwa amuna, powatenga kuti ndiwo eni mabanja.

Ife a ziyankhulo tili ndi chonena pamenepa. M'Chichewa mawu akuti mlimi, woumba, sing'anga ndi mlowam'malo wakuti iye sasonyeza ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Chingerezi cha malipoti a nthawi imeneyo chinkakakamiza wolemba kusankha, ndipo chizolowezi chinali kusankha mwamuna. Ngakhale buku lotchuka la William Allan la 1965, amene anagwirapo ntchito yosamutsa midzi m'chigawo cha Kummawa m'zaka za m'ma 1940, lili ndi mwamuna m'mutu mwake momwe: The African Husbandman. Mlimi amene m'Chichewa akanatha kukhala mayi wa ana asanu anasanduka bambo pongowoloka kupita m'Chingerezi.

Zotsatira za kusaona kumeneku zinaonekera pa chimanga. Chimanga cha haibulidi monga SR52, chimene chinatulutsidwa ku Southern Rhodesia m'chaka cha 1960, chinkabereka kwambiri koma chinali cha maso ofewa. Chimanga cha makolo nchamaso olimba. Mayi akamakonola chofewacho mumtondo, chimafumbutuka, ndipo ufa wambiri umapita ndi gaga popeta. M'nkhokwe namonso anankafumbwe amachilowa msanga. Choncho mabanja ambiri a kuno ndi a ku Malawi ankalima haibulidi kuti agulitse, nkumalimabe cha makolo kuti adye. Alangizi ankati anthu akumidzi ngosamva za chitukuko. Zoona zake nzakuti panali miyeso iwiri: wa kumalo a kafukufuku unkayesa matumba otuluka pa hekitala, wa pamtondo unkayesa ufa wotsala pambuyo pokonola ndi miyezi imene chimanga chingakhale m'nkhokwe. Muyeso wachiwiriwu ndi umene umanena ngati banja lifika mwezi wa February lili ndi chakudya. Ku Malawi akatswiri a ku Chitedze atauvomereza muyesowu anatulutsa mitundu ya MH17 ndi MH18 m'chaka cha 1990, yokhala ndi maso olimbirapo, ndipo alimi anailandira. Panatenga zaka pafupifupi 30 kuti zimene mtondo unkanena zilowe m'ndondomeko ya obereketsa mbewu.

Kakonzedwe ka ufa woyera nakonso kanayesedwa. Kafukufuku amene Limbikani Matumba ndi anzake anafalitsa m'chaka cha 2009 anasonyeza kuti kukonola, kupeta, kuviika mphale ndi kuyanika kumachotsa gawo lalikulu la poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Sitibisa mbali inayo: njira yomweyo imachotsanso mavitamini ndi zina zofunika m'thupi zimene zimatsala mu mgaiwa, monganso chidulo chimafewetsa ndiwo koma chikuwononga vitamini C. Kulemekeza nzeru za amayi kumafuna kuti ziyesedwe moona, zopambana zivomerezedwe, zoperewera zinenedwe.

Za nsawa, kapena kuti mtedza, tingodutsapo. Mtundu wa Chalimbana, wa maso akuluakulu, umene unatchukitsa chigawo cha Kummawa pa malonda, unasungidwa m'midzi kwa zaka zambiri ndi anthu amene poswa nsawa ankapatula maso abwino kuti akhale mbewu, ndipo ntchito imeneyi inali ya akazi. Mitundu yotuluka ku Msekera imadziwika ndi manambala monga MGV4, imene ku Malawi ndi CG7. Chosangalatsa nchakuti mtundu wina wopirira matenda a kadukutu, umene ku Zambia umatchedwa Chishango, ku Malawi anautcha Nsinjiro. Ndi kamodzi mwa nthawi zochepa pamene ntchito ya pamtondo inafika pa chikalata cha mbewu.

Khomo la sukulu

Wina angafunse kuti nanga bwanji ana aakazi a amayi anzeru choterewa sanalowe msanga m'sayansi ya m'mabuku. Yankho lili m'zaka. Sukulu ya sekondale ya anyamata ya Munali inatsegulidwa m'chaka cha 1939, pamene maphunziro a sekondale a atsikana anayamba ku Chipembi m'chaka cha 1946, ndi ophunzira owerengeka. Pofika nthawi ya ufulu m'chaka cha 1964, Azambia amene anali ndi satifiketi ya sekondale anali pafupifupi 1,000, ndipo akazi mwa iwo sankafika 100. Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa m'chaka cha 1966 inalibe chitsime chotungako atsikana ambiri. Mamishoni, monga wa Nyanje umene a Dutch Reformed Church anakhazikitsa m'chaka cha 1905, ankaphunzitsa atsikana kuwerenga Baibulo, kusoka ndi kusamala pakhomo. Khomo limene linatseguka ndi la unamwino ndi uzamba, makamaka pachipatala cha St Francis ku Katete chimene chinayamba m'chaka cha 1948. Kwa mibadwo ingapo, mtsikana wa kuno wokonda sayansi ankalozeredwa khomo lokhalo, ndipo anamwino ndi azamba amene anatulukira pamenepo ndiwo akhala akusenza chithandizo cha mankhwala m'zipatala zazing'ono za kumidzi.

Kufikira chaka cha 1997, mtsikana wotenga pathupi ankachotsedwa sukulu osabwereranso. M'chaka chimenecho boma linalola kuti azibwerera akabereka. Lamulo la ukwati la 2023 linaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Kalonga Gawa Undi nayenso wakhala akuletsa maukwati a ana ndi kulamula kuti chinamwali chisasokoneze sukulu. Sitinganene kuti tsimba ndi mdani wa kalasi, popeza taona kale kuti namkungwi anali mphunzitsi wokhala ndi zida zake zophunzitsira. Koma pamene malangizo a m'banja aperekedwa kwa mwana wa Giredi 6, kalasi ndiyo imaluza. Kumene atsikana anapatsidwa mpata zipatso zinaoneka: Dr Catherine Mungoma anagwira ntchito yobereketsa mitundu ya chimanga, nadzatsogolera bungwe la boma loyesa ndi kuvomereza mbewu ku Chilanga.

Chopinga chotsala ndi chimene chili m'manja mwathu. Kuyambira 1966 Chingerezi chinakhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. M'chaka cha 2014 ziyankhulo za Azambia zinapatsidwa malo m'magiredi anayi oyamba, koma sayansi ya ku sekondale sinachokepo m'Chingerezi. Mtsikana wa ku Kagoro kapena ku Vubwi amamva za kulekanitsa zinthu zosakanikirana ngati nzeru yochokera kunja, pamene chiyankhulo chake chili ndi aneni olongosoka a ntchito yomweyo. Kupeta ndi kulekanitsa ndi mphepo ndi kulemera. Kusefa ndi kulekanitsa potsata kukula. Kutcheza ndi kudontheza, kaya madzi a phulusa popanga chidulo, kaya nthunzi yoziziritsidwa popanga kachasu. Kachasuyo lamulo silimuvomereza ndipo wapweteka ambiri, koma mneniwo ulibe mlandu, ndipo mphunzitsi wa khemisitiri sangapeze wina woposa umenewu. Kufutsa ndi kuwiritsa masamba pang'ono asanayanikidwe kuti asaole, mfutsowo nkuukulunga m'chikwatu cha masamba a msuku. Chimera ndi mbewu yomeretsedwa dala kuti isandutse ufa kukhala shuga wa thobwa.

Jessie Williamson anasonkhanitsa mayina ambiri a ndiwo ndi kaphikidwe kake m'buku la Useful Plants of Nyasaland la 1955, atayamba ntchitoyo m'kafukufuku wa zakudya wa 1938 ndi 1939, ndipo zambiri anaziphunzira kwa amayi a m'midzi. Ntchito yofanana nayo ikufunika kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje ndi kwa Pembamoyo, ndipo ingachitike ndi ophunzira athu aakazi, amene angakhale pansi ndi oumba mbiya, osunga mbewu ndi azamba akale. Liwu lililonse lilembedwe pamodzi ndi mudzi umene lamvekera ndi dzina la mayi amene walifotokoza, ngati iye walola, monga momwe timalembera dzina la wolemba buku. Nthawi yake ndi yochepa, chifukwa chigayo chalanda ntchito ya mtondo m'midzi yambiri, zigubu za pulasitiki zalowa m'malo mwa mtsuko, ndipo oumba mbiya otsala ambiri ndi okalamba.